PHUNZIRO LA MBIRI: MZINDA WA MAPUTO NDI MAINA AKE

M'midzi ya Achewa, mlendo akafunsa dzina la mudzi amyankha ndi dzina la munthu, amvekere kuno ndi kwa uje. Mudzi utenga dzina la mwini wake, ndipo mfumu ikamwalira, mphwake wolowa m'malo alowanso dzina lomwelo kuti mudzi usasokere. Chifukwa chake anthu adziwa chiyambire kale kuti dzina la malo lili ndi mlandu wake: linena amene anayamba kugwetsa mitengo pamenepo, amene agawa minda, ndi amene aweruza milandu pabwalo.

Likulu la dziko la Mozambique lili kum'mwera kwenikweni kwa dzikolo, m'mbali mwa nyanja yamchere ya India, pafupi ndi malire a South Africa ndi Eswatini. Mzinda umenewu utchedwa Maputo kuyambira chaka cha 1976, koma nkhalamba zambiri zikumbukirabe kuti kale unali Lourenço Marques. Phunziro lino lifotokoza kumene dzina lakale linachokera, chifukwa chimene linachotsedwera, ndi chimene Mkhristu angatolepo pa nkhani ya dzina latsopano.

ENI DZIKO

Pamalo pamene pali mzindawu nyanja yaikulu ilowa m'kati mwa mtunda, ndipo chisumbu cha Inhaca chitchinga mafunde a kum'mawa, kotero kuti zombo zipeza madzi odikha ndi akuya. Mitsinje ingapo ithira madzi ake pamenepo: Incomati kuchokera kumpoto, Maputo kuchokera kum'mwera, ndi ina itatu, Matola, Umbeluzi ndi Tembe, imene ikumana nkupanga mtsinje umodzi wotambalala kumene kuli doko.

Azungu asanafike, dzikoli linali ndi eni ake, ndiwo anthu a mtundu wa Aronga, abale a Atsonga. Iwo ankalima, ankaweta ng'ombe, ankagwira nsomba ndi kusaka njovu, ndipo anali ndi mafumu awo. Tsidya la kum'mwera kunali mafumu a Tembe. Pa chisumbu panali Nyaka. Ndipo pamtunda pamene pali mzinda lero panali dziko la mfumu Mpfumo. Eni ake ankati malowo ndi kaMpfumo. Kachigawo ka mau kameneka, "ka", kagwira ntchito yomwe "kwa" agwira m'Chichewa, tsono kaMpfumo ndiye kuti kwa Mpfumo. Mwambo wotcha malo ndi dzina la mfumu yake unali womwewo wa kumidzi ya Achewa.

M'zaka za m'ma 1700 mwana wina wa banja lachifumu la Tembe, dzina lake Mabudu, amene Azungu ankalemba kuti Maputo, anakhazika ufumu wake wamphamvu kum'mwera kwa doko. Dziko lake ndi mtsinje wodutsa m'menemo zinatenga dzina lake. Owerenga asunge dzina limeneli, pakuti lidzabweranso kumapeto kwa nkhani.

MUNTHU AMENE ANASIYA DZINA LAKE

Vasco da Gama atazungulira kum'mwera kwa Afrika ndi kufika ku India m'chaka cha 1498, Apwitikizi anakhazikika kumpoto, ku Sofala ndi pa chisumbu cha Mozambique. Cha m'ma 1544 mkulu wa pa chisumbucho anatuma munthu wina woyendetsa zombo ndi wamalonda, Lourenço Marques, pamodzi ndi mnzake António Caldeira, kuti akazonde gombe la kum'mwera. Iwo analowa m'doko lija, naona mitsinje yake, napezanso kuti eni dziko ali ndi minyanga ya njovu yambiri, imene akanasinthana ndi nsalu ndi mikanda. Mfumu ya ku Portugal, João III, itamva mbiriyi inalamula kuti dokolo litchedwe ndi dzina la Lourenço Marques. Mtsinje wotambalala uja anautcha Espírito Santo, ndiko kunena Mzimu Woyera. Amalinyero ankatchulanso malowo Baía da Lagoa, ndipo m'menemo Angerezi anatengamo dzina lawo lakuti Delagoa Bay.

Chofunika kuchizindikira ndi ichi: Lourenço Marques sanamange mzinda. Iye anali munthu wogula minyanga, ndipo kwa zaka zoposa 200 pambuyo pake Apwitikizi sanakhale ndi mudzi wokhazikika pamalopo. Chombo chawo chinkangobwera nthawi ndi nthawi kuchokera kumpoto, amalonda nkumanga misasa pa zisumbu kwa miyezi yowerengeka, nkubwerera. Mafumu a dzikolo ndiwo ankalola kapena kukaniza malonda, ndipo alendo ankapereka mphatso kuti aloledwe. Dzina la mlendo linalembedwa pa mapu a ku Ulaya, koma pansi penipeni dziko linali la Mpfumo ndi Tembe.

LINGA LA M'MATOPE

Doko labwino silisowa olikhumbira. M'chaka cha 1721 kampani ya malonda ya ku Holland, imene inali ndi mudzi ku Cape, inamanga linga pamalopo. Koma malungo anapha anthu ake ambiri, phindu silinaoneke, ndipo m'chaka cha 1730 inachoka. M'chaka cha 1777 kunafika gulu la amalonda a ufumu wa Austria, lotsogozedwa ndi William Bolts. Apa Apwitikizi anadzidzimuka, poona kuti angataye malo amene ankawayesa awo. M'chaka cha 1781 anatumiza asilikali kukapirikitsa a ku Austria, ndipo pambuyo pake anamanga linga lawo, nalipereka kwa Maria Virgo Woyera ndi dzina lakuti Nossa Senhora da Conceição. Pa linga limeneli mpamene mzinda unadzaphukira.

Linga lake linali losauka, lozingidwa ndi madambo odzala udzudzu. Afalansa analiononga m'chaka cha 1796, ndipo eni ake anathawira m'tchire. Atabwerera anapeza mavuto ena, pakuti m'zaka za m'ma 1820 dziko lonse la kum'mwera linagwedezeka ndi nkhondo za nthawi ya Shaka, mfumu ya Azulu. Magulu othawa nkhondozo anadutsa m'dziko lozungulira doko. Soshangane anakhazika ufumu wa Gaza kumpoto kwake. Zwangendaba anapitirira ndi anthu ake mpaka anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo Angoni a Maseko anatsata njira yawo napita kumpoto nawonso. Motero makolo a Angoni a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Angónia anaponda dziko limeneli mzinda usanakhaleko. M'chaka cha 1833 ankhondo a Dingane, mfumu ya Azulu, anagwira linga napha kazembe wake, Dionísio António Ribeiro. Mpaka pakati pa zaka za m'ma 1800, Lourenço Marques anali kamudzi ka nyumba zowerengeka, kokhala mwamantha pakati pa nyanja ndi matope.

MLANDU WOWERUZIDWA KUTALI

Angerezi nawonso ankalifuna dokolo. M'chaka cha 1823 mkulu wa zombo zawo, William Owen, analembetsa mapangano ndi mafumu a tsidya la kum'mwera, ndipo potsamira mapangano amenewo boma la Britain linkanena kuti mbali ya kum'mwera pamodzi ndi chisumbu cha Inhaca ndi zake. Apwitikizi ankakana. Atakangana zaka zambiri, maiko awiriwo anagwirizana zotengera mlandu kwa mtsogoleri wa dziko la France kuti aweruze. Pa 24 Julayi 1875 mtsogoleriyo, Patrice de MacMahon, anagamula kuti doko lonse ndi la Portugal.

Apwitikizi anakondwa kwambiri, natcha bwalo la patsogolo pa siteshoni ya sitima ndi dzina la MacMahon. Ngakhale mowa wina wotchuka wa ku Mozambique, wotchedwa 2M, unatenga dzina lake kwa munthu yemweyo. Koma munthu wodziwa kuweruza milandu ya kumudzi aona msanga chimene chinasowa pabwalo limenelo. Olimbirana munda anali awiri, woweruza anali wachitatu, onsewo a ku Ulaya. Koma amene ankalima mundawo ndi kuika akufa awo m'menemo sanaitanidwe kuti anene mau awo.

GOLIDE NDI NJANJI

Chimene chinakweza kamudzi ka m'matope kukhala mzinda chinachokera kumtunda. Mabunu a ku Transvaal analibe doko lawolawo, ndipo sankafuna kudalira madoko a Angerezi a ku Cape ndi ku Natal. Doko lapafupi kwa iwo linali Lourenço Marques. M'chaka cha 1886 golide anapezeka ku Witwatersrand, kumene kunabadwa mzinda wa Johannesburg, umene anthu autcha Joni. Kamudzi kaja kanali katakwezedwa kale m'chaka cha 1876 kukhala tauni, ndipo pa 10 Novembala 1887 boma linakatcha mzinda. Anthu a ku Maputo asungabe tsiku limeneli chaka ndi chaka monga tsiku la mzinda wawo. Madambo anakwiriridwa, misewu yotakata inalembedwa, ndipo m'chaka cha 1895 njanji yofika ku Pretoria inatsegulidwa.

Eni dziko sanangopenya. M'chaka cha 1894 mafumu a Aronga, Mahazul ndi Nwamatibyane, anaukira boma chifukwa cha msonkho ndi kulowerera kwa Azungu m'milandu ya ufumu, ndipo ankhondo awo anafika mpaka m'mphepete mwa mzinda. Portugal inatumiza asilikali ambiri. Aronga anagonjetsedwa ku Marracuene pa 2 Febuluwale 1895, ndipo pa 28 Disembala chaka chomwecho Mouzinho de Albuquerque anagwira Ngungunyane, mfumu ya Gaza, ku Chaimite. Mfumuyo inatengedwa ukaidi kunka ku Lisbon, kenaka ku zisumbu za Azores, kumene inabatizidwa ndi kupatsidwa maina a Chipwitikizi, ndipo inamwalira konko m'chaka cha 1906. Nkhondo zitatha, boma linagamula m'chaka cha 1898 kuti likulu la dziko lichoke pa chisumbu cha Mozambique lipite ku Lourenço Marques.

Chuma cha mzindawu chinamangidwa pa mapangano a Apwitikizi ndi akuluakulu a ku South Africa. Apwitikizi analola kuti kampani ya Wenela izilemba amuna a kum'mwera kwa Mozambique kukagwira ntchito m'migodi, ndipo m'malo mwake analonjezedwa kuti pafupifupi theka la katundu wa chigawo cha Joni lizidzera pa njanji ndi doko lawo. Sitima zinkakwera ndi anthu, nkutsika ndi malasha ndi katundu wina. Amuna a ku Nyasaland amene anapita ku migodi ndi Wenela anakumana ndi anthu amenewa m'makomboni, ndiwo aja ankawatcha Amachangana.

MZINDA WA SIMENTI NDI MZINDA WA BANGO

Alendo ofika ku Lourenço Marques m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ankatama kukongola kwake: misewu yamitengo yamaluwa, mahotela oyang'ana kunyanja, nyumba zosanja ndi masitolo odzala katundu. Koma okhalamo ankadziwa kuti pansi pa dzina limodzi panali mizinda iwiri. Woyamba ankautcha mzinda wa simenti, ndipo m'menemo munkakhala Azungu ndi amalonda a ku India. Wachiwiri ankautcha mzinda wa bango, chifukwa nyumba zake zambiri zinali za bango ndi malata. Kumeneko, ku Mafalala, ku Xipamanine ndi ku Chamanculo, nkumene kunkakhala anthu akuda, malo otsika amene ankasefukira dzinja lililonse.

Lamulo linagawa anthu. Munthu wakuda ankawerengedwa "indígena", wopanda ufulu wa nzika, woyenda ndi chitupa, ndipo boma linkatha kumgwira kukagwira ntchito yokakamiza. Ntchito imeneyi inkatchedwa chibalo, liu limene Achewa alidziwa bwino. Manja a chibalo anagwira ntchito pa doko, pa njanji ndi m'misewu. Wofuna kutuluka m'gulu limeneli ankayenera kuonetsa kuti alankhula ndi kulemba Chipwitikizi ndi kuti wasiya miyambo ya makolo ake. Pamenepo ankalandira kalata yomutcha "assimilado". Amene anailandira anali ochepa kwambiri, ndipo lamulolo linafafanizidwa m'chaka cha 1961. Aronga ndi anansi awo anali ndi dzina lawo la mzinda wa simenti: ankauti Xilunguine, ndiye kuti kwa Azungu.

Komabe mzinda wa bango sunali wakufa. Ku Mafalala kunakhala mlakatuli José Craveirinha, ndipo komweko kunabadwa Eusébio m'chaka cha 1942, amene anadzatchuka pa dziko lonse ndi mpira wamiyendo. M'tinjira topapatiza timeneto ndi m'mene anthu anayamba kufunsana kuti dziko ndi la yani.

EKLEZIA MU MZINDAWO

Mkhristu Mkatolika ayenera kumva mbali iyi ya nkhani mosabisa kanthu. M'chaka cha 1940 Papa Pius XII ndi boma la Portugal anachita pangano lokhudza Eklezia ndi ntchito za mishoni. Chaka chomwecho Lourenço Marques anakhala arkidayosizi, ndipo Arkiepiskopi wake woyamba, Teodósio Clemente de Gouveia, anakwezedwa kukhala Kadinala m'chaka cha 1946. Tchalitchi chachikulu choyera mbee, choperekedwa kwa Maria Virgo yemwe uja wa pa linga lakale, chinadalitsidwa m'chaka cha 1944. Pabwalo lomwelo, pafupi ndi tchalitchi, panaima chifanizo cha Mouzinho de Albuquerque atakwera kavalo.

Panganolo linathandiza mishoni ndi ndalama za boma, ndipo sukulu za ana a anthu akuda zinaikidwa m'manja mwa amishoni. Koma mtengo wake unali wowawa, pakuti boma linkayembekeza kuti sukulu ndi tchalitchi zisandutse anthu kukhala Apwitikizi, ndipo anthu ambiri anayamba kuona ngati mtanda ndi mbendera ya atsamunda ndi chinthu chimodzi. Sikuti onse mu Eklezia anavomereza zimenezi. Ambuye Sebastião Soares de Resende, Episkopi wa ku Beira, anadzudzula chibalo poyera. Abambo a chipani cha White Fathers, abale a omwe anatsegula mishoni zambiri m'Malawi ndi m'Zambia, anachoka m'Mozambique m'chaka cha 1971, ponena kuti sangalalike Mthenga Wabwino mokhulupirika pamene Eklezia aoneka womangika ku boma lopondereza anthu. Ambuye Manuel Vieira Pinto a ku Nampula anathamangitsidwa m'dzikomo m'chaka cha 1974.

Mbeu inali itamera ndithu. M'chaka cha 1953 mwana wa dzikolo, Alexandre José Maria dos Santos, wa chipani cha Fransisko Woyera, anadzozedwa unsembe. Pa 9 Malichi 1975 anadzozedwa kukhala Arkiepiskopi wa Lourenço Marques, munthu wakuda woyamba kukhala pa mpando umenewo. Iyeyo ndiye anaweta nkhosa pa nthawi imene mzinda unasintha dzina.

TSIKU LOSINTHA DZINA

Chipani cha Frelimo chinabadwa ku Dar es Salaam pa 25 Juni 1962, motsogozedwa ndi Eduardo Mondlane, ndipo chinayamba nkhondo yomenyera ufulu pa 25 Seputembala 1964. Mondlane anaphedwa pa 3 Febuluwale 1969. Pa 25 Epulo 1974 asilikali a ku Portugal, atatopa ndi nkhondo za ku Afrika, anagwetsa boma lawo ku Lisbon. Pangano lopereka ufulu linasainidwa ku Lusaka pa 7 Seputembala 1974. Tsiku lomwelo Azungu ena osafuna kusintha analanda nyumba ya wailesi ku Lourenço Marques, ndipo m'masiku otsatira mwazi unakhetsedwa mu mzindamo. Pa 25 Juni 1975 Samora Machel analengeza ufulu wa Mozambique pa bwalo la masewera la Machava.

Anthu ambiri ankayembekeza kuti likulu litenga dzina lakale la kaMpfumo, limene ena ankalemba kuti Can Phumo. Koma pa 3 Febuluwale 1976, tsiku lokumbukira imfa ya Mondlane, Machel anauza khamu la anthu kuti mzindawo udzatchedwa Maputo. Mtsinje wa Maputo sudutsa mu mzinda; uthira m'nyanja tsidya lina la doko. Koma m'zaka za nkhondo anthu a Frelimo ankakonda kutchula dziko lawo lonse ndi mitsinje iwiri ya kumalekezero ake, Rovuma kumpoto ndi Maputo kum'mwera, pofuna kunena kuti mitundu yonse ya pakati pake ndi mtundu umodzi. Motero dzina la mfumu Mabudu, litadzera pa mtsinje, linafika pa likulu la dziko. Tsiku lomwelo boma linatenga nyumba zonse zobwereketsa kukhala zake, ndipo anthu a ku bango anayamba kulowa m'nyumba za simenti zimene Apwitikizi ochoka anasiya. M'chaka chomwecho arkidayosizi nayonso inayamba kutchedwa ya Maputo.

Maina ena ambiri anasintha. Chifanizo cha Mouzinho chinatsitsidwa, ndipo chinasungidwa m'linga lakale monga chinthu cha mbiri. Bwalo la MacMahon linakhala bwalo la Antchito. Misewu inatenga maina a Eduardo Mondlane, Julius Nyerere ndi Kenneth Kaunda, inanso a Karl Marx ndi Lenin. Vila Cabral anakhala Lichinga, Porto Amélia anakhala Pemba, ndipo Vila Coutinho wa ku Angónia anakhala Ulongwe, monga momwe Fort Johnston anakhalira Mangochi, Port Herald Nsanje, ndi Fort Jameson Chipata. Akulu anati madzi saiwala khwawa: patapita zaka, zigawo za mzinda wa Maputo zinapatsidwa maina a makolo, ndipo chigawo chapakati, pamene panali mzinda wa simenti, chitchedwa KaMpfumo, tsidya lina ndi KaTembe, chisumbu ndi KaNyaka.

DZINA LATSOPANO LIFUNA MOYO WATSOPANO

Kuchotsa dzina la mlendo wogula minyanga ndi kubwezera maina a eni dziko kunali chilungamo, pakuti Mulungu sanalenge mtundu wina kuti ukhale mlendo m'dziko la makolo ake. Koma dzina palokha silinabweretse mtendere. Pa 24 Julayi 1975 boma latsopano linatenga sukulu ndi zipatala, za mishoni zomwe. Amishoni ambiri anachoka, matchalitchi ena anatsekedwa, ndipo kwa zaka zingapo chipembedzo chinkayesedwa mdani wa chitukuko. Kenaka kunabuka nkhondo ya pachiweniweni pakati pa boma ndi Renamo, imene inapha anthu osawerengeka ndi kuthawitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni ku Malawi. Ena anathawira ku Maputo, ndipo mzinda wa bango unakula kuposa kale.

M'masiku amenewo Eklezia, atalandidwa nyumba ndi thandizo la boma, anapeza mphamvu yake yeniyeni. Pa msonkhano wa ku Beira wa chaka cha 1977 anasankha kukhala Eklezia wa timagulu ting'onoting'ono ta Akhristu, tofanana ndi miphakati ndi malimana, m'mene akatekisiti ndi akulu a mpingo ankatsogolera mapemphero, kubatiza ana ndi kuika maliro kumene wansembe sankafika. Ena mwa akatekisiti anataya moyo pa ntchitoyi, monga aja anaphedwa ku Guiúa, m'dayosizi ya Inhambane, m'mwezi wa Malichi 1992. Papa Yohane Paulo II anafika ku Maputo m'chaka cha 1988, chaka chimene Ambuye dos Santos anakhala Kadinala, napempha mtendere. Pangano lothetsa nkhondo linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo mwa ankhoswe ake munali Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira, ndi anthu a gulu la Sant'Egidio. Papa Fransisko anachezeranso mzindawu m'chaka cha 2019.

Malembo Oyera asimba za anthu amene Mulungu anawasintha maina. Abramu anakhala Abrahamu, Yakobo anakhala Israele, Simoni anakhala Petro. Ndipo aliyense wa iwo analandira ntchito pamodzi ndi dzinalo. Petro yemwe, ali nalo kale dzina lake latsopano, anakana Ambuye katatu, ndipo anafika polikwaniritsa mwa kulapa ndi kuweta nkhosa mpaka imfa. Chimodzimodzi Mkhristu alandira dzina pa ubatizo, ndipo dzinalo likhala ngongole imene aibweza masiku onse a moyo wake.

Dzina lakale la mzindawu liphunzitsa chimenechi momveka. Lourenço ndi dzina la ubatizo. M'Chipwitikizi ndilo dzina la Laurenti Woyera, dikoni wa ku Roma amene anafera chikhulupiriro m'chaka cha 258, ndipo Eklezia amkumbukira pa 10 Ogasiti. Mbiri ya makolo a Eklezia isimba kuti akulu a boma atamlamula kuti apereke chuma cha Eklezia, iye anasonkhanitsa amphawi, akhungu ndi opunduka, nawaonetsa kuti chumacho ndi amenewo. Tsono kwa zaka pafupifupi 90 mzinda waukulu unasenza dzina la dikoni wa amphawi, pamene amphawi ake ankagona m'bango kunja kwa malire a simenti. Dzina linali loyera, koma silinaumirize eni mzinda kuchita za mwini dzina.

Muyeso womwewo uyenera dzina la Maputo, ndi la Malawi, ndi la mudzi uliwonse umene unabwezeredwa kwa eni ake. Dzina lonena kuti anthu onse a pakati pa mitsinje iwiri ndi amodzi likhala loona pamene wa ku bango apeza madzi abwino, sukulu ndi chiweruzo cholungama monga wa ku simenti. Uyeneranso parishi iliyonse yotchedwa ndi dzina la woyera mtima, ndi munthu aliyense wolembedwa m'buku la ubatizo. Akatekisiti achita bwino kufunsa ophunzira awo, asanasankhe dzina, ngati adziwa moyo wa mwini dzinalo ndi ngati ali okonzeka kumtsanza.

MAFUNSO OTHANDIZA AKATEKISITI

1. Kodi eni dziko ankatcha chiyani malo pamene pali mzinda wa Maputo, ndipo dzinalo lifanana bwanji ndi maina a midzi ya Achewa?

2. Lourenço Marques anali yani, ndipo anachita chiyani pa dokolo?

3. Pa mlandu wa chaka cha 1875, ndani amene sanafunsidwe? Kodi zotere zichitikanso pa milandu ya minda masiku ano?

4. Pangano la chaka cha 1940 linathandiza Eklezia motani, ndipo linamvulaza motani?

5. Chifukwa ninji dzina latsopano la mzinda silinakwanire kubweretsa mtendere?

6. Wophunzira aliyense atchule dzina lake la ubatizo, afotokoze moyo wa woyera mtima mwini dzinalo, ndi chinthu chimodzi chimene angamtsanzire sabata ino.

Potseka phunziro, mpingo upempherere anthu a ku Mozambique ndi atsogoleri awo, akatekisiti amene anafera ntchito yawo, ndi onse amene akonzekera ubatizo.